Kusiyana kwa galu wantchito ndi chiweto chotonthoza mtima m'makoleji a ku America

Ambiri amaziphatikiza, koma n'zosiyana. Galu wotsogolera wophunzira wosaona, kapena wochenjeza mbuye wake shuga akatsika m'thupi, amatetezedwa ndi lamulo loteteza anthu olumala la ADA la 1990. Amalowa m'kalasi, mulaibulale, ngakhale modyera. Ogwira ntchito pakoleji amaloledwa mafunso awiri okha: kodi galuyu akufunika chifukwa cha ulumali, nanga anaphunzitsidwa ntchito yanji? Kuitanitsa chikalata n'koletsedwa.

Chiweto chotonthoza mtima, kaya mphaka kaya kalulu, sichiphunzitsidwa ntchito. Kungokhala pafupi ndi mwini wake basi. Chimadalira lamulo la nyumba, Fair Housing Act, choncho malire ake ndi kogona ophunzira, ndipo kawirikawiri pamafunika kalata ya dokotala. Mphaka m'kalasi? Iyayi, ameneyo atsale kuchipinda.