Felt, Spaces kapena All Melody: muyambire pati pomvera Nils Frahm?

Nils Frahm anabadwira ku Hamburg, m'dziko la Germany, mu 1982 ndipo amakhala ku Berlin. Amaimba piyano, koma pa siteji amazunguliridwanso ndi makina akale oimbira monga Juno-60 ndi Rhodes. Zimbale zake n'zambiri, ndiye mlendo amasowa pogwira. Zitatu zomwe anthu amakonda kulozerana ndi Felt cha 2011, Spaces cha 2013 ndi All Melody cha 2018, zonse zotulutsidwa ndi kampani ya Erased Tapes ya ku London. Ine ndikuti yambani ndi Spaces.

Felt anachijambulira kunyumba kwake, nthawi zambiri usiku. Poopa kudzutsa anthu oyandikana nawo, anatchinga nsambo za piyano ndi nsalu yochindikala kuti timahamala tikamamenya, mawu azituluka ofooka. Mawu atachepa choncho, maikolofoni anawalowetsa m'kati mwenimweni mwa piyano. Ndiye pamodzi ndi nyimbo mumamva timatabwa tikugogoda, mwini wake akupuma, pansi pakulira akasuntha phazi. Kukoma kwa Felt kuli m'tinthu timeneti, ndipo vuto lake lili pomwepo: chimafuna mahedifoni abwino ndi chipinda cha zii. Mukachiika pa sipika ya foni anthu akucheza pambali, mungaganize kuti sichinayambe n'komwe, n'kumunyoza munthu popanda mlandu.

Spaces n'chosiyana. Ndi zojambulidwa m'makonsati osiyanasiyana kwa zaka pafupifupi ziwiri, ndipo anthu omvera sanawachotsemo. Nyimbo ina anaipatsa dzina lotchula chifuwa ndi foni ya m'manja, chifukwa zinamveka muholo iye akuimba. Mu “Says” makina amabwereza kachigawo kamodzimodzi, kakukula pang'onopang'ono kwa mphindi pafupifupi 8, piyano ikungolowerera apa ndi apo, mpaka chakumapeto nyimbo itembenuka mwadzidzidzi, holo yonse n'kuphulika ndi m'manja. Pena amatenga maburashi otsukira chimbudzi (inde, omwewo) n'kumamenya nawo nsambo za piyano ngati ng'oma. Koma mbali yake yofatsa ilimonso: “Familiar”, yochokera mu Felt, ilimo yoimbidwa pamaso pa anthu. N'chifukwa chake ndikuchiika patsogolo. Chimbale chimodzichi chimakuonetsani Frahm wa usiku uja ndi Frahm wotuluka thukuta pakati pa makina, ndipo mukatha kumvera mumadziwa amene wakusangalatsani. Chodandaulitsa n'chakuti mawu sakufanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, poti zinajambulidwa m'malo osiyana ndi zipangizo zosiyana, moti batani la voliyumu mumaligwiragwira.

All Melody ndiye chojambulidwa mwaukhondo kuposa zinzake. Frahm anatenga chipinda chotchedwa Saal 3 ku Funkhaus, nyumba yomwe inali ya wailesi ya East Germany yomangidwa m'zaka za m'ma 1950, n'kuchikonza kwa zaka ziwiri kukhala situdiyo yake. Muli limba la mapaipi, lipenga, ndi kwaya ya Shards ya ku London. Okonda nyimbo zovinika za makina angachikonde msanga, koma piyano yokhayokha ndi yochepa, ndipo nyimbo zina zimachedwa kufika pomwe zikupita. Kwa ine n'chachitatu, chomvera mutazolowera kale kudekha kwake.

Ngati mu Spaces zakugwirani mtima ndi zofatsa zija, pitani ku Felt, kenako Screws cha 2012. Chimenecho anachijambula atathyoka chala chachikulu chakumanzere: zala 9, nyimbo 9 zazifupi, ndipo poyamba anachigawa ulere pa intaneti. Ngati ndi “Says” yomwe mukuibwereza, dumphani zonsezo mupite ku All Melody.