Mapilisi a "methylated B-complex" pa ululu wosatha: angathandize ndani, angapweteke ndani

Mabotolo amenewa adzaza m'mashopu a mankhwala ku Johannesburg ndi ku London, ndipo kwathu kuno amafika m'zikwama za apaulendo n'kumatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Pabotolo amalemba kuti "methylated B-complex" kapena "methylation support". Mkati mwake nthawi zambiri mumakhala zinthu zisanu: methylfolate yomwe ndi mtundu wa folate (vitamini B9), methylcobalamin yomwe ndi mtundu wa vitamini B12, vitamini B6 wa mtundu wa P5P, vitamini B2, ndi betaine. Ogulitsa ena sagulitsa botolo lokha. Amaphatikizapo kuyeza malovu pofufuza gene (kachidutswa ka chibadwa chotengera kwa makolo) yotchedwa MTHFR, kutikita thupi ndi malangizo a kadyedwe, n'kulonjeza kuti ululu wa msana, wa m'mfundo ndi wa mapazi womwe wakhala zaka udzazilala. Kuona kwathu n'kwakuti botololi limathandizadi ululu wa mtundu umodzi wokha, womwenso mankhwala otchipa amathana nawo chimodzimodzi, ndipo chimodzi mwa zomwe zili mkatimo chingayambitse ululu womwewo umene munthu akuthawa.

Methylation yeniyeniyo si bodza la amalonda. Ndi ntchito imene maselo amagwira usana ndi usiku, yosamutsa kachidutswa ka kaboni mmodzi ndi mahaidrojeni atatu, kotchedwa methyl, kupita pa DNA, pa mapuloteni ndi pa mafuta okutira mitsempha. Chopereka kachidutswako ndi SAM, yomwe thupi limapanga kuchokera ku methionine wa m'zakudya zomanga thupi. SAM ikapereka, chotsala chimasanduka homocysteine. Kuti homocysteine abwererenso kukhala methionine pamafunika folate ndi B12 pamodzi, kapena betaine m'chiwindi ndi mu impso. Njira ina yomuchotsera imadalira B6, ndipo enzyme ya MTHFR, puloteni yokonza folate yomwe thupi limapanga motsatira gene ija, imadalira B2. Choncho opanga botololi sanasankhe zinthuzi mwachisawawa. Vuto lili pa kulumpha kwawo: kuchoka pa mfundo yoti thupi limafuna zinthuzi kufika pa yoti kuzimwa zambiri kuchiza ululu. Kafukufuku wamkulu wa HOPE-2 ndi wa NORVIT, amene anatuluka mu 2006, anaonetsa kuti mavitamini a B amatsitsadi homocysteine m'magazi, koma anthu odwala mtima mwadzidzidzi sanachepe. Nambala ya ku labotale ikhoza kukongola wodwala ali chimodzimodzi.

Kuyeza malovu kuja ndiye gawo lofooka kwambiri pa phukusi lonse. Kusintha kwa gene ya MTHFR kotchedwa C677T kunafotokozedwa mu 1995 ndi akatswiri a ku McGill University ku Montreal. Munthu amene watengera kusinthaku kwa bambo ndi kwa mayi omwe, enzyme yake imagwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake. Zimamveka zoopsa, koma akamadya folate wokwanira kusiyanako kumachepa kwambiri. Ndiponso anthu otere ndi ambiri ku Mexico ndi kumwera kwa Ulaya, pomwe mwa anthu akuda a mu Africa ndi mmodzi kapena awiri pa 100 alionse. Mu 2013 bungwe la American College of Medical Genetics and Genomics linalangiza madokotala kusiya kuyeza gene imeneyi mwachizolowezi chifukwa zotsatira zake sizisintha chithandizo. Wogulitsa akakuuzani kuti thupi lanu "silitha kugwiritsa ntchito folic acid wamba", yemwe ndi folate wa m'mapilisi a masiku onse, dziwani kuti bungwe loona za umoyo la CDC la ku America limanena zosiyana: ngakhale amene ali ndi kusinthaku amapindula ndi folic acid, ndipo ndi mtundu wokhawo umene unatsimikizika kuti umateteza mwana wosabadwa ku chilema cha msana wotseguka.

Pamene botololi lili ndi ntchito ndi pa munthu amene B12 wamuthera m'thupi. Ululu wake umadziwika. Umayambira ku zala za kumapazi mbali zonse ziwiri, kuwotcha, kubayabaya ndi dzanzi, n'kumakwera pang'onopang'ono. Munthu amadzandira makamaka mumdima, lilime limasalala n'kumawawa, ena amayamba kuiwalaiwala. Chiwindi chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo, n'chifukwa chake vutoli limabwera mwakachetechete. Amene ali pachiopsezo ndi okalamba, osadya zanyama, omwa mowa kwambiri, odwala shuga amene akhala nthawi yaitali pa metformin, ndi omwa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi wa m'chifu, tsiku ndi tsiku. Mu 2022 bungwe loona za mankhwala ku Britain, MHRA, linachenjeza kuti kuchepa kwa B12 kungagwire munthu mmodzi pa 10 alionse omwa metformin. Za omeprazole zimayenda motere kawirikawiri: msana ukuwawa, munthu amwa diclofenac kapena brufen miyezi yambiri, m'mimba muyamba kuwotcha, apatsidwa omeprazole, asidi wa m'chifu achepa, B12 wa m'chakudya aleka kuyamwika bwino, kenako mapazi ayamba dzanzi.

Musanatsegule botolo, yezetsani magazi, chifukwa mukayamba kumwa zotsatira zimasokonekera. Pemphani full blood count, ndipo muone nambala ya MCV: ikaposa 100 ndiye kuti maselo ofiira akula mopitirira, chizindikiro cha kuchepa kwa B12 kapena folate. MCV yabwinobwino sikutanthauza kuti zonse zili bwino, makamaka ngati ayironi nayenso ndi wochepa. B12 weniweni akakhala pansi pa 148 pmol/L ndi wochepa ndithu. Yezetsaninso shuga, popeza ndiye amawononga mitsempha ya kumapazi mwa anthu ambiri, ndipo amene sakudziwa mmene alili ayezetse HIV.

Zikapezeka kuti B12 ndi wochepa, dzina lakuti methyl silikuwonjezerani kanthu. Selo likalandira B12 limayamba lathothola kachidutswa kalikonse komwe wabwera nako, kenako n'kupanga lokha mtundu womwe likufuna. Cyanocobalamin, B12 wamba wotchipa, amagwira ntchito yomweyo, ndipo sawonongeka msanga ndi kuwala ngati methylcobalamin. Chofunika ndi mlingo. Thupi limafuna 2.4 mcg patsiku (1,000 mcg ndi 1 mg), koma matumbo amayamwa pafupifupi gawo limodzi pa 100 la pilisi lalikulu, ndiye kwa wodwala pamafunika 1,000 mcg patsiku. Mitsempha ikakhala kuti yakhudzidwa kale, jakisoni ndiye wodalirika. Ku Britain amabaya 1 mg ya hydroxocobalamin, mtundu wina wa B12, modumphitsa tsiku mpaka kusintha kutaima, kenako miyezi iwiri iliyonse. Kuchira kumatenga milungu kapena miyezi, ndipo mitsempha yomwe yakhala yowonongeka nthawi yaitali mwina sibwereranso mwakale.

Tsono B6. Apa ndi pamene timaliopa botololi. Munthu wamkulu amafuna pafupifupi 1.3 mg mpaka 1.7 mg patsiku. Mabotolo ambiri a methylation ali ndi 20, 25 kapena 50 mg, ndipo mapilisi ena otchuka "a mitsempha" ali ndi 100 kapena 200 mg. B6 akachuluka m'thupi kwa miyezi amawononga mitsempha yomvera, ndipo zizindikiro zake n'zomwe zija: kuwotcha, dzanzi, kudzandira. Wodwala amaganiza kuti matenda akukula, awonjezera mapilisi, zinthu n'kuipiraipira. America inaika malire pa 100 mg patsiku, koma bungwe la EFSA la ku Ulaya linatsitsa malire ake kufika pa 12 mg mu 2023, ndipo ku Australia botolo lililonse lopitirira 10 mg patsiku liyenera kukhala ndi chenjezo. Ogulitsa amati P5P ndi wofatsa kuposa pyridoxine, yemwe ndi B6 wamba, koma malire amenewa sasiyanitsa mitundu. Cholakwika chomwe chimachitika kwambiri ndi kusawonkhetsa: B-complex m'mawa, multivitamin masana, magnesium wosakaniza ndi B6 usiku, chakumwa chopatsa mphamvu pakati. Tengani mabotolo onse, lembani B6 wa lililonse, muphatikize.

Pali anthu amene B6 amawafunikadi. Isoniazid, amene ali m'mankhwala a TB komanso amaperekedwa poteteza TB kwa omwe ali ndi HIV, amatha B6 m'thupi, n'chifukwa chake kuchipatala amapereka pyridoxine 25 mg pambali pake. Ameneyo musasiye, koma musamuunjikirenso botolo lina osauza adokotala. Amene anamwa ma ARV akale okhala ndi stavudine n'kutsala ndi mapazi owotcha, vuto lawo silinachokere ku mavitamini, ndipo botololi silingabweze zomwe zinawonongekazo.

Folate wa m'mabotolowa amayambira 400 mcg kufika 1,000, ena mpaka 5,000. Malire a folic acid wa m'mapilisi ndi 1,000 mcg patsiku, ndipo chifukwa chake n'choti folate wambiri amakonza magazi a munthu wosowa B12 mitsempha ikupitiriza kuwonongeka, adokotala n'kuona ngati zonse zili bwino. Amayi oyembekezera amene amalandira Fansidar kusikelo asamale kwambiri: WHO imati folic acid wa 5 mg kapena kuposa amafooketsa mankhwala a malungowa, pomwe 400 mcg alibe vuto. Odwala khunyu omwe ali pa phenytoin, folate wambiri angatsitse mankhwalawo m'magazi. Mabotolo ena amawonjezamo SAMe, SAM ija yoikidwa m'mapilisi, yemwe sagwirizana ndi tramadol kapena mankhwala a matenda a nkhawa monga fluoxetine ndi amitriptyline. Mkodzo ukasanduka wachikasu chowala musadandaule, ndi B2 akutuluka.

Chodabwitsa n'chakuti zomwe ogulitsa amaziika ngati zongowonjezera ndizo zili ndi umboni wabwinoko. Ululu umatchedwa wosatha ukapitirira miyezi itatu. Malangizo a 2021 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala ku England, okhudza ululu wosatha wopanda chifukwa chooneka, amalimbikitsa masewero olimbitsa thupi, uphungu wa maganizo, ndi kubaya timasingano kwa acupuncture kosapitirira maola 5 onse pamodzi, ndipo amaletsa kuyamba mankhwala a gulu la morphine. Malangizo a WHO a 2023 a ululu wa msana amavomereza kutikita, koma amakana malamba omanga m'chiuno ndi makina okoka msana. Kutikita kumapepuza kwa masiku ochepa, choncho phindu lake n'kukupatsani mpata woyamba kuyenda. Yambani ndi mphindi 10 patsiku pamalo athyathyathya, muziwonjezera mphindi ziwiri kapena zitatu mlungu uliwonse, cholinga chikhale mphindi 150 pamlungu. Ululu ukakwera pang'ono n'kutsika pasanathe maola 24, pitirizani. Ukapitirira pamenepo, bwererani pa mlingo wa mlungu wathawo koma osagona. Ambiri amalakwitsa pogwira ntchito zonse tsiku lomwe apezako bwino, n'kugona masiku atatu otsatira. A mafizo kuchipatala angakukonzereni ndondomeko yoyenera msana kapena bondo lanu.

Wotikita wabwino amayamba wafunsa. Msana ukamawawa limodzi ndi kuwonda, kutuluka thukuta usiku, kufooka kwa miyendo, dzanzi pakati pa ntchafu kapena kulephera kugwira mkodzo, si nkhani ya mafuta otikitira. TB ya msana ndi khansa zingayambe choncho, ndipo munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Zomwe zili m'botolo zambiri zili kale pamsika. Kapu imodzi ya nyemba kapena khobwe wophika imapereka theka la 400 mcg wa folate wofunika patsiku, kapena kuposa. Bonongwe, chisoso, nkhwani, mtedza ndi nandolo zimawonjezera. B12 ali mu usipa, matemba, kapenta, mazira, mkaka ndi chiwindi, ndipo m'masamba mulibe. Mazira alinso ndi choline, yemwe thupi limamusandutsa betaine. Kaphikidwe ndiye kamataya zambiri: folate amasungunukira m'madzi, choncho masamba aphikidwe ndi madzi ochepa, nthawi yochepa, msuzi wake osataya. Soda wofewetsera ndiwo amawononga B1 ndi B2. Mowa umatsekereza folate kuyamwika, ndipo kachasu wa tsiku ndi tsiku amawononga yekha mitsempha ya kumapazi.

Amene wasankhabe kugula, ayang'ane manambala kuseri kwa botolo, aone ngati akunena za kapisozi mmodzi kapena atatu. B6 asapitirire 10 mg, folate akhale 400 mcg, botolo likhale losaonekera mkati, lomatidwa, lokhala ndi nambala ya batch ndi tsiku lothera ntchito. Olembedwa "proprietary blend" popanda milingo asiyeni. Lembani mphamvu ya ululu wanu pakati pa 0 ndi 10 kamodzi pamlungu. Pakatha miyezi itatu nambalayo osatsika, lekani kumwa. Dzanzi latsopano likayamba muli pakati pomwa, lekani pomwepo ndipo mupite nalo botololo kwa adokotala kuti aone milingo yake.