Shepherd's pie kapena cottage pie: muphike iti?

Zakudya ziwiri za ku Britain izi zimafanana ngati mapasa. Pansi pamakhala nyama yogaya yophika ndi anyezi, karoti ndi nsawawa, pamwamba mbatatesi yopondaponda yothira batala ndi mkaka. Zimasiyana nyama basi: shepherd's pie ndi ya nkhosa, cottage pie ya ng'ombe.

Mtengo: nyama yogaya ya nkhosa imakonda kudula, ya ng'ombe ndi yotsikirako komanso yosavuta kupeza.

Kakomedwe: ya nkhosa ili ndi kafungo kake kamphamvu, ena sakakonda. Ya ng'ombe ana amangodya osafunsa.

Mafuta: apa mpamene ambiri amalakwitsa. Ya nkhosa imatulutsa mafuta ochuluka, ndiye mukakazinga tsanulaniko ena. Mukapanda kutero msuzi umawira m'mbali, mbatatesi n'kumira. Ya ng'ombe yopanda mafuta imauma msanga, imafuna msuzi wokwanira.

Uvuni: zonse madigiri 200, pafupifupi mphindi 30. Kandani pamwamba ndi foloko kuti timizereto tipse mofiirira.

Banja lalikulu, thumba lochepa: cottage pie. Koma alendo akabwera Lamlungu, ine ndimagula nkhosa.