Tinahayala galimoto ya tenti padenga ku Namibia: nyenyezi zinayi, yachisanu inapita ndi tayala

Ine ndi amuna anga takhala ku Johannesburg zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tchuthi chathu chonse chimathera m'basi yopita kumudzi titasenza katundu wa abale. Chaka chino banja lathu lakwanitsa zaka 20, ndiye ndinawauza kuti kamodzi kokha tipite kumene kulibe munthu wotidziwa. Tinasankha kumwera kwa Namibia, mwezi wa June, masiku khumi. Ndemanga iyi ndi ya kampani imene tinahayalako galimoto ku Windhoek: double cab ya 4x4, ya dizilo, yokhala ndi tenti padenga komanso ziwiya zogonera kutchire. Dzina la kampaniyo sinditchula poti pali zina zimene ndikudandaula nazo.

Anabwera kudzatitenga ku bwalo la ndege la Hosea Kutako, lomwe lili makilomita oposa 40 kunja kwa mzinda, osatilipiritsa. Za ndalama sitinavutike, chifukwa dola ya ku Namibia ndi randi mphamvu yake ndi imodzi, ndipo randi amalandira. Pamsewu amayenda kumanzere ngati kwathu komwe.

Tisanapatsidwe makiyi, mnyamata wa pakampanipo anatisunga pafupifupi maola awiri akutionetsa chinthu chimodzichimodzi: matayala awiri a sipeya, jeke ndi thabwa loikira pansi pake, pampu yolumikiza ku batire, fosholo, chingwe chokokera, thanki yachiwiri ya mafuta, thanki ya madzi, furiji, mbaula ya gasi. Anatiuza kuti tikachoka pa tala tizichotsako mpweya m'matayala mpaka 1.8, pamchenga titsitse kuposa pamenepo, ndipo tikabwerera pa tala tipopenso. Pamsewu wafumbi liwiro lisapitirire 80, ndipo dzuwa likalowa galimoto iime, chifukwa cha nyama zodumpha msewu. M'galimotomo muli kachipangizo kowauza iwo komwe muli ndi liwiro limene mukuthamanga. Mukachita ngozi mutapitirira malire, inshuwalansi imakukanani.

Abambo akunyumba anayamba ayendetsapo minibasi ya Lilongwe–Mchinji, ndiye zonsezi zinkawapweteka m'makutu. Anandinong'oneza kuti, "Mayi a Chikondi, mwana uyu akufuna aphunzitse ine kusintha tayala?" Ndinawagwira mkono kuti akhale chete. Koma pamene mnyamatayo anafunsa ngati tikufuna kuwonjezera ndalama pang'ono tsiku lililonse kuti inshuwalansi ikhudzenso matayala ndi galasi lakutsogolo, anayankha msanga kuti ayi, ine ndisanatsegule pakamwa. Mawu amenewo muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Tsiku loyamba ndi tala yekhayekha, msewu wa B1, makilomita pafupifupi 500 kudutsa Rehoboth ndi Mariental mpaka ku Keetmanshoop. Galimoto inayenda bwino, palibe chonena. Chimene chinandizizimutsa ine ndi kusowa kwa anthu. Dziko la Namibia limalowamo Malawi kasanu ndi kawiri, koma anthu ake ndi pafupifupi 3 miliyoni basi. Kwathu simungayende mphindi zisanu osaona wanjinga, mbuzi, kapena mayi wogulitsa tomato. Uku mumayenda ola lathunthu mukuona mpanda wa waya ndi mitengo ya magetsi. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake anatipatsa masipeya awiri.

Tinagona pafupi ndi nkhalango ya mitengo ya kokerboom, kunja pang'ono kwa Keetmanshoop. Ndi mitengo ya mtundu wa aloe, ya makungwa ngati golide, ndipo anthu a mtundu wa San ankaboola nthambi zake n'kupanga zosungiramo mivi. Kumeneko ndi kumene tinayesa tenti koyamba. Kutsegula n'kosavuta: mumasula malamba, kukoka makwerero, yokha imatambasuka ngati buku. Kupinda m'mawa ndiye nkhondo, makamaka zala zitauma ndi chisanu ndipo zipi ya chovindikira chake yadzaza fumbi. Masiku oyamba tinkatha theka la ola tikukokana, pofika kumapeto tinkamaliza m'mphindi khumi. Matiresi ndi abwino. Zofunda ndiye zopyapyala kwambiri pa nyengo ya June, ndipo pa ichi kampani inalakwitsa, poti imadziwa bwino mmene chipululu chimazizirira usiku. Tinakagula bulangete lina m'tauni. Komanso amene mumadzuka usiku kukataya madzi, dziwani kuti pali makwerero achitsulo ozizira ngati ayezi, ndipo mukutsika mutatembenuka, mumdima.

M'bokosi la ziwiya munali mapoto awiri, ketulo, mbale, mipeni, ngakhale chotsegulira vinyo. Mthiko munalibe. Mwayi wake ndinanyamula wanga, ndipo ufa tinagula ku Windhoek. Poto wamkuluyo ndi wochindikala bwino, nsima siipserera.

Kuchoka ku Keetmanshoop tinalowa msewu wafumbi wopita ku Hobas, pachipata cha phompho lalikulu la Fish River Canyon. Misewu imeneyi ndi yotakata ndipo imaoneka yosalala, koma ili ndi timizere ngati malata, ndipo galimoto ikathamanga kumbuyo kwake kumayamba kuvina. Kachipangizo kaja kanalira kawiri tsiku limenelo. Woyendetsa anati kakunama.

Za phomphomo ndilibe mawu okwanira, ndingonena mmene zinachitikira. Kuchokera ku Hobas mumayenda makilomita pafupifupi khumi pachigwa chamiyala chopanda chilichonse, moti ndinayamba kuganiza kuti atinamiza. Kenako mwadzidzidzi dziko limangotha. Mumaima pamphepete, pansi patali mtsinje ukukhotakhota ngati njoka yopondedwa, madzi atatsala m'maiwe obiriwira okha. Phomphili ndi lalitali makilomita pafupifupi 160, pena limatambasuka mpaka makilomita 27, ndipo kuya kwake kumafika mamita 550. Ndinaponya kamwala, sindinamve pomwe kanagwera. Amuna anga, amene samasowa chonena ngakhale pamaliro, anangovula chipewa n'kukhala pansi. Patapita nthawi ndi pamene anati, "Komatu Mulungu anali ndi nthawi." Tinatsitsa tebulo ndi mipando ya m'galimoto ija n'kumwa tiyi pomwepo mpaka miyala inasanduka yofiira ndi dzuwa lamadzulo, kenako tinathamangira kumsasa mdima usanagwe.

M'mawa mwake tinaona gulu la anthu likuyamba kutsetsereka ndi zikwama kumsana, atagwira unyolo umene anaumangirira m'miyala. Ulendo wapansi umenewo ndi wa makilomita oposa 80, masiku anayi kapena asanu, ndipo umaloledwa kuyambira May mpaka pakati pa September basi, chifukwa miyezi ina kumatentha koopsa. Amafunanso kalata ya dokotala. Kutsika kwa tsiku limodzi kuti mukangoona n'kubwerera n'koletsedwa. Ife tinazungulira pagalimoto kukafika ku Ai-Ais, kumene ulendowo umathera, komwe kuli akasupe a madzi otentha. Dzinalo ndi la chilankhulo cha Nama, ndipo limanena za kutentha kwa madziwo. Anyani a kumeneko ndi akuba odziwa ntchito yawo. Loko wa chitseko cha kumbuyo kwa galimoto anatipulumutsa.

Tinatsata mtsinje wa Orange, South Africa ikuoneka tsidya lina, kudutsa Rosh Pinah mpaka ku Aus. Ku Aus ndi kumene tinagona titavala majekete ndi masokosi awiriawiri, ndipo m'mawa tinapeza madzi a m'beseni ataundana pamwamba. Kumenekonso ndi kumene tinatsimikiza kuti batire yachiwiri, yoyendetsa furiji, inali yotopa: ikafika cha m'ma 3 koloko usiku furiji inkazima. Ndi chisanu chimenecho nyama siinaonongeke, koma ikanakhala December tikanataya zonse. Nditawatumizira uthenga pa WhatsApp anayankha m'mphindi zochepa n'kutilozera kwa makaniko ku Lüderitz, amene anasintha batireyo pa bilu ya kampani. Apa ndiwayamike.

Pamsewu wa B4 wopita kunyanja tinaima pa Garub kuona mahatchi akutchire, amene akhala m'chipululumo zaka zoposa 100 popanda mwini. Oonda, odekha, akumwa madzi limodzi ndi nthiwatiwa. Ndipo makilomita pafupifupi khumi musanafike ku Lüderitz pali Kolmanskop, tauni imene mchenga ukuimeza. Mu 1908 wantchito wa panjanji, Zacharias Lewala, anatola mwala wonyezimira n'kuupereka kwa bwana wake wa ku Germany, August Stauch. Unali dayamondi. Posakhalitsa panamangidwa nyumba zapamwamba, chipatala, holo ya zisangalalo, ngakhale fakitale ya ayezi, pakati pa chipululu. Atapeza dayamondi wochuluka kumwera, kufupi ndi kumene Orange amathirira m'nyanja, anthu anayamba kusamuka, ndipo pofika m'ma 1950 munalibenso munthu. Lero mumalowa m'chipinda chogona mukukwawa, chifukwa mchenga wafika pafupi ndi pamwamba pa chitseko, utoto wabuluu ukadali pakhoma. Ndinafunsa wotiperekeza kuti nanga Lewala anapindulapo chiyani. Anangoseka.

Ku Lüderitz sitinagone m'tenti. Mphepo ya kumeneko inkagwedeza galimoto yonse, ndipo malo ogona apamsasa amene tinawaona ali pa Shark Island, pomwe asilikali a Germany anatsekerapo anthu a mitundu ya Herero ndi Nama pakati pa 1905 ndi 1907, ambiri n'kufera pomwepo ndi njala, chisanu ndi ntchito yakalavulagaga. Mtima wanga sunalole kuti ndiphike nsima pamalo oterowo. Tinalipira chipinda m'tauni.

Tsopano tayala lija. Tinali pa D707, msewu umene anthu amautama kuti ndi wokongola kuposa ina yonse kumeneko, ndipo sanama: kumanzere milu ya mchenga wofiira, kumanja mapiri a Tiras, pakati udzu wotuwa ndi nyama za gemsbok zitaima ngati zojambula. Cha m'ma 11 koloko tinangomva phuu, galimoto n'kuyamba kukokera mbali imodzi. Mwala wakuthwa unang'amba tayala lakumbuyo m'mbali, chibowo cholowa zala zitatu. Foni inalibe netiweki. Kwathu zikatere, musanatsike n'komwe pamakhala patafika anyamata asanu, wina atanyamula kale mwala wotchingira, wina akukuuzani za msuweni wake wodziwa kumata. Apa panali ife awiri, mphepo, ndi khwangwala mmodzi.

Jeke inayamba kumira mumchenga. Bambo aja anatuluka thukuta, anayesa uku, anayesa uku, kenako mwakachetechete anati, "Mayi a Chikondi, kodi thabwa lija mwana uja anati lili pati?" Ndinawauza kuti kuseri kwa mpando. Sindinawonjezere mawu ena, ngakhale anali pakamwa penipeni. Sipeya inali yatsopano, yopopa bwino, sipanala yokwana pa manati, pampu inagwira ntchito. Tinatha ola limodzi ndi theka, ndipo nthawi yonseyo panadutsa galimoto imodzi yokha, ya azungu awiri okalamba amene anaima n'kutifunsa ngati tili ndi madzi okwanira. Kampani ikanakhala yongotayira anthu zida zakutha, tsiku limenelo likanatha moipa. Nyenyezi zinayizi kwenikweni zachokera pamenepa.

Ku Sesriem tinagona mkati mwa chipata cha paki, zimene zimakupatsani mwayi wonyamuka dzuwa lisanatuluke. Ndi makilomita 60 a tala, kudutsa mulu wa mchenga wotchedwa Dune 45, kenako makilomita asanu omaliza a mchenga wokhawokha opita ku Sossusvlei, chigwa chouma chozunguliridwa ndi milu ya mchenga. Tinatsitsa mpweya monga anatiuzira, kuika giya ya 4x4, ndipo tinadutsa galimoto ziwiri zitatitimira ife osaima. Ku Deadvlei, pafupi pomwepo, kuli mitengo yakuda imene inauma zaka mazana angapo zapitazo koma siiola poti kulibe chinyezi, itaima padothi loyera ngati ufa. Madzulo tinatsika m'kaphompho ka Sesriem, kakuya mamita 30 okha, kamene mumayendamo ndi miyendo mumthunzi. Pobwerera tinamwetsa mafuta pa Solitaire, tinadya apple pie yotchuka ija, yomwe kwa ine shuga anachuluka, n'kukwera chitunda cha Spreetshoogte pa giya yoyamba, ine nditatseka maso.

Pobweza galimoto ndi pamene nkhope zinasintha. Amene anatilandira sanali mnyamata wansangala uja, koma mayi wina wa fayilo m'manja, amene anazungulira galimoto ndi tochi masana. Tayala: tilipire lonse latsopano, ngakhale limene linaphulikalo linali litadyeka kale ndithu. Galasi: kachibowo kochepa ngati njere ya mapira, kamene ine ndikukhulupirira kuti tinakapeza, koma pa pepala la tsiku loyamba sikanalembedwe ndipo sitinajambule. Zonse pamodzi zinaposa kawiri ndalama ya inshuwalansi ija tinaikana. Zinalembedwa m'pangano, sindikutsutsa, ndipo tinasaina tokha. Chimene chinandiwawa n'chakuti sanachotsereko kalikonse poona kutha kwa tayala lakalelo, komanso dipoziti yotsala, imene anati ibwera m'masiku asanu ndi awiri, inatenga milungu itatu ndi maimelo anayi. Anatisindikiziranso pepala loonetsa malo awiri amene galimoto inapitirira 80, tsiku ndi ola lake. Sanatilipiritse, koma pepalalo ndalisunga m'Baibulo.

Amene mukufuna kuhayala, tengani inshuwalansi ya matayala ndi galasi, jambulani galimoto yonse pafoni musananyamuke, galasi ndi matayala omwe, pemphani mabulangete owonjezera ngati ndi June kapena July, ndipo muwauze ayeze batire ya furiji inu mukuona. Ife tikadzapitanso, mwina chakumpoto, tidzabwerera kwa omwewa, koma wolankhula pa kauntala ndidzakhala ine.

Mthiko wanga ndinauiwala m'bokosi la ziwiya. Ndinawalembera, anati sanauone. Mukadzahayala double cab yoyera ku Windhoek n'kupezamo mthiko wopserera pang'ono kunsonga, ndi wa ku Dedza umenewo, muusamale.