Yaitali kapena yaifupi? Kuyerekeza sidecar ya F1 ndi ya F2

Njinga zamoto zochitira mpikisano zokhala ndi sidecar, pokwera munthu wachiwiri m'mbali mwa njinga, zilipo mitundu iwiri ikuluikulu: yaitali, yomwe ndi F1, ndi yaifupi, yomwe ndi F2. Zonse zili ndi matayala atatu, zimakwera anthu awiri, dalaivala ndi pasinjala, ndipo kuyambira 2017, pomwe mpikisano wa dziko lonse wa FIM, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga zamoto, unasiya injini za 1000cc, zambiri zimayendera injini za 600cc zochokera m'njinga monga Yamaha R6 ndi Honda CBR600RR. Zikaima phee mungati n'zapachibale. Koma malo amene injini yaikidwa amasintha zonse, kuyambira kakhotedwe kake mpaka ntchito ya pasinjala.

Tiyambe ndi zomwe zonse ziwiri zimafanana, chifukwa munthu wozolowera njinga ya matayala awiri amasokonezeka pomwepa. Sidecar sipendekeka pakona. Mukafuna kupita kumanzere mumapotoza chiwongolero kumanzere ndi mphamvu za m'mapewa. Matayala ake ndi otambalala, afulati ngati a galimoto, ndipo lomwe limakankha ndi limodzi lokha, lakumbuyo. Poti kulemera kwina kuli m'mbali, mukapatsa moto njinga imakokera kumene kuli sidecar, mukasiya moto imakokera mbali inayo. Dalaivala wodziwa salimbana nazo zimenezi, amazigwiritsa ntchito. Pakona yakumanzere amapatsako moto kuti njinga izungulire sidecar, yomwe nthawi zambiri imakhala kumanzere. Pakona yakumanja amachepetsa kuti sidecar izungulire njinga.

Ngozi zake zilinso ziwiri. Kumanzere tayala la sidecar limanyamuka, ndiye pasinjala amatulutsa thupi lonse kunja, phewa kutsala pang'ono kukhudza phula. Kumanja tayala lakumbuyo ndi lomwe limapepuka, ndiye pasinjala amawoloka n'kugona pamwamba pake, kumbuyo kwa dalaivala. Akachedwa ngakhale pang'ono, njinga imatereka kapena kugubuduka.

Pa F1 injini imakhala kumbuyo kwa dalaivala, pafupi ndi tayala lakumbuyo. Dalaivala amagwada kutsogolo, pansi kwambiri, ndipo mtunda wa pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo umaposa mamita awiri. Chimango chake si cha mapaipi: ndi bokosi la malata a aluminiyamu olumikizidwa ndi guluu ndi ma rivet, luso lomwe Louis Christen wa ku Switzerland anatchuka nalo kudzera ku kampani yake ya LCR. Tayala lakutsogolo limagwidwa ndi mikono yofanana ndi ya galimoto zampikisano, osati mafoloko.

Phindu lake limaonekera pabwalo losalala, la makona otambalala ngati Assen ku Netherlands kapena Spa ku Belgium. Poti injini ikupsinja tayala lakumbuyo, potuluka pakona mphamvu yonse imalowa m'phula m'malo mopotera tayala pachabe. Kutalikako kumaikhazika mtima pansi: paliwiro lalikulu sigwedezeka, ndipo mutha kuchedwa kuponda buleki osaopa kuti kumbuyo kunyamuka. Rolf Biland anatenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu ndi kawiri, Steve Webster kakhumi, ndipo mbiri ya onse awiri ndi yomangika kwambiri pa njinga za LCR.

Vuto lake ndi lomwelo lomwe lili phindu lake. Kutsogolo kumakhala kopepuka, choncho pakona yothina tayala lakutsogolo limakana kuluma, njinga n'kumapitirira kunja ngakhale chiwongolero chapotozedwa. Komanso F1 ndi yotsika ndi yolimba gwa. Ikakumana ndi chitunda kapena mabampu, mimba yake imakhula pansi, matayala n'kumadumpha.

F2 inatengera kwambiri njinga wamba. Injini ili kutsogolo, dalaivala amagwada moikumbatira, chifuwa chili pamwamba pake. Mtunda wa pakati pa matayala awiri aja ndi pafupifupi mamita 1.6. Zambiri zimamangidwa ndi mapaipi achitsulo owotcherera, monga zomwe Dave Molyneux wa pachilumba cha Isle of Man amapanga pansi pa dzina la DMR, ngakhale LCR nayo imapanga zazifupi. Kutsogolo kumakhala mafoloko a mtundu wotchedwa leading link, omwe amapirira mphamvu yokankha cham'mbali. Mafoloko wamba a njinga angapindike.

Njinga imeneyi ndi yothamanga magazi. Imakhota msanga, imalowa pakona yothina mosavuta, koma salola kuti muiiwale ngakhale kamphindi. Kumbuyo n'kopepuka, ndiye pasinjala akapanda kuika thupi pa tayala lakumbuyo potuluka pakona, tayala limangopota, mphira n'kumatha, liwiro osaoneka. Poponda buleki mwamphamvu kumbuyo kumavina. Pa F1 chimango chimamuthandizako pasinjala. Pa F2 pasinjala ndiye amene amakhazika njinga, ndipo akatopa mikono dalaivala amadziwa nthawi yomweyo kudzera m'chiwongolero.

Nanga pamsewu weniweni? Apa palibe mkangano, ndipo malamulo anagamula kale. Ku mpikisano wa Isle of Man TT, kuyambira 1990 ma sidecar onse ndi a F2. Njira ya kumeneko, Mountain Course, ndi msewu wa anthu onse womwe amatseka nthawi ya mpikisano, wotalika mamailosi 37.73, kapena kuti makilomita opitirira pang'ono 60, wodutsa m'midzi, pakati pa makoma amiyala, n'kukwera phiri. Pa Ballaugh Bridge njinga imauluka matayala onse atatu ali m'malere, ndipo iyenera kutera mowongoka. Pasinjala akakhala molakwika imatera chopendekeka n'kulunjika khoma. Pa Sulby Straight mabampu amagwedeza anthu mpaka maso osaona bwino. Pa Ramsey Hairpin, kona yothina yakumanzere, pamafunika njinga yotembenuka pamalo pang'ono. Tayala lafulati lili ndi khalidwe lina loipa pamsewu wotere: limatsatira mizere ya penti ndi kupendekeka kwa msewu, choncho dalaivala amakhala akuwongola ngakhale poongoka.

Ngakhale zili choncho, liwiro lake ndi lodabwitsa. Mu 2023 Ben ndi Tom Birchall, pachibale pawo ochokera ku Mansfield, anakhala oyamba kuzungulira njirayi pa avereji yoposa mamailosi 120 pa ola, pafupifupi makilomita 193, kutanthauza mphindi zosakwana 19. Mu 2025 Ryan ndi Callum Crowe, ana a pachilumbapo, anadutsa 121. Molyneux yekha anapambanako ka 17. Abale a Birchall ndi umboni wabwino pa kuyerekeza kwathuku, chifukwa anatenga ukatswiri wa dziko lonse pa yaitali, koma ku TT ankakwera yaifupi. Tisabise: mtengo wake ndi wowawa. Mu 2022 anthu anayi a sidecar anataya miyoyo chifukwa cha ngozi ziwiri zomwe zinachitika pamalo ena a njirayi otchedwa Ago's Leap, ndipo awiri mwa iwo anali bambo ndi mwana wake.

Ku galaja nkhani ndi ina. Chimango cha mapaipi chikapindika, wowotcherera waluso wokhala ndi choyezera chabwino amadula paipi yowonongeka n'kuika ina. Bokosi la aluminiyamu likaphwanyika, nthawi zambiri limabwerera kwa amene analipanga, ndipo mng'alu wobisika pansi pa guluu suoneka ndi maso. Gulu la ndalama zochepa liganizire zimenezi lisanagule.

Pali matenda amodzi omwe amagwira zonse ziwiri, ndipo apha injini zambiri. Injini ya R6 kapena CBR inapangidwira njinga yopendekeka, pomwe oyilo amakhalabe pansi m'sampu, chosungira oyilo cha kunsi kwa injini, ngakhale pakona. Pa sidecar injini imaima chilili, oyilo amathawira mbali imodzi, pampu imayamwa mpweya, ma bearing a crankshaft n'kupsa. Mankhwala ake ndi kuika zotchinga m'sampu kapena kusintha kuti oyilo azikhala m'thanki yapadera. Pansi pa injini pamafunikanso thireyi yogwira oyilo akatayika, kuti obwera m'mbuyo asatereke. Tcheni ndi kalachi nazo zimatha msanga chifukwa tayala lotambalala limagwira kwambiri ndipo katundu ndi wa anthu awiri. Yang'anani tcheni nthawi iliyonse mukatsika, ndipo muyese chingwe chozimitsira injini chomangidwa padzanja la dalaivala musananyamuke.

Kuyeza matayala kusakhale kongoganizira. Tayala la sidecar limaloza mkati pang'ono kutsogolo kwake. Mukachepetsa, njinga imakokera kumanzere mpaka mapewa a dalaivala kuwawa. Mukaonjeza, tayala limakhulika n'kudya liwiro poongoka. Ikani njinga pansi pafulati, anthu onse awiri atakwera, muyeze ndi zitsulo ziwiri zowongoka, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi. Zogwirira za pasinjala ziikidwe molingana ndi kutalika kwa mikono yake, osati ya amene anali mwini njinga kale.

Kwa anthu awiri ongoyamba, ine ndingasankhe F2 ya mapaipi mosazengereza. Imakonzeka, zida zake zimapezeka m'magulu a mpikisano a ku Britain ndi Ireland, ndipo imaphunzitsa pasinjala ntchito yonse chifukwa cholakwa chilichonse chimamveka pomwepo. F1 ndi ya amene atsimikiza kuti njira yawo ndi ya mabwalo osalala ndi mpikisano wa dziko lonse, ndipo ali ndi ndalama zobwezera chimango kufakitale. Mtundu uliwonse mungasankhe, musanathamange gwirizanani zizindikiro, chifukwa m'phokoso la injini mawu samveka: pasinjala akamenya dalaivala kumsana, dalaivala achepetse liwiro nthawi yomweyo n'kupatuka pamalo otetezeka.