Kokonzetsa njinga nyengo yozizira ino ku Kasungu: ndemanga yanga pa shedi ya kuseri kwa msika

Amene mumapalasa njinga pongofuna kuwongola miyendo kuno ku Kasungu, kaya m'mawa musanapite kuntchito kaya Loweruka, mwaona kale kuti ikangofika Juni njinga imayamba kudandaula. Tcheni kulira kwii kwii, magiya kukana kulowa, tayala kuphwa popanda chifukwa chooneka. Ambiri timangoti ndi kuzizira. Ayi ndithu. Kuzizirako kumavutitsa iweyo wopalasa, zala ndi makutu ndi milomo kung'aluka, koma chimene chikudya njinga ndi fumbi ndi minga, mvula inasiya kalekale mu Epulo ndiye misewu yonse yadothi yasanduka ufa. Nchifukwa chake ndati ndilembeko za shedi ina yokonzera njinga imene ili chakuseri kwa msika, poti mwa onse amene agwirapo njinga yanga mtauni muno, madala a pamenepo ndi amene nkhani ya fumbiyi amaimvetsa bwino. Dzina sinditchula, ndipo chikwangwani alibe, mungofunsa akabaza kuti madala otsuka tcheni ndi palafini aja ali pati akulozerani.

Malo ake musayembekezere zambiri. Malata ochepa, mitengo inayi, matayala akale opachika pa waya, beseni la madzi oderako lofufuzira pobooka chubu, ndi benchi imene nthawi zonse yadzadza akabaza akukambirana za mpira ndi mitengo ya fodya. M'mawa pamakhala kamoto ka zisononkho pambali, aliyense manja pamoto.

Njinga yanga ndi ya kaunjika, ija ya magiya, matayala a mainchesi 26, felemu ya aluminiyamu. Nditaipititsa tcheni inali yakuda bii chifukwa kwina kumene ndinkakonzetsa kale ankangothira oyilo wakuda uja wotsala akasintha oyilo wa galimoto, ndipo ndi zimene okonza njinga ambiri amachita poti amamupeza mwaulere. Madala anangoigwira ndi zala ziwiri, kufikisa, nkundiwonetsa.

"Achimwene, tamvani apa. Mchenga wokhawokha. Anakuthirirani ndani oyilo ameneyu?"

Ndithu ukafikisa umachita kumva kuti tsekeretsekere pakati pa zala. Kufotokoza kwawo nkwakuti oyilo wolemera akakumana ndi fumbi amasanduka phala lonola, ndiye ukamapalasa umakhala ukunola wekha tcheni ndi mano a fuliwilo, aja a wilo ya kumbuyo ogwira tcheni, mapeto ake tcheni imatalika, imayamba kudumpha ukaponda mwamphamvu pachitunda, ndipo ukadzati usinthe tcheni yokha zimakanika chifukwa mano nawo adyeka, ugule zonse. Iwo amachotsa tcheni yonse, kuiviika m'chitini cha palafini, kuikwecha ndi mswachi wakale, kuiyanika padzuwa mpaka iume gwa, kenako oyilo wopepuka kadontho kamodzi pa mfundo iliyonse, osati kungokhuthula, pomaliza kupukuta ndi kansanza mpaka kunja kukhale ngati sikunathiridwe kanthu. Amati oyilo ntchito yake ili mkati mwa mfundomo, wakunjayo ndi woitana fumbi basi. Zimatenga nthawi inde koma njinga inachoka pamenepo ili zii, umangomva matayala okha pamsewu.

Chachiwiri chimene ndawakondera ndi kumata chubu. Apa ambiri amathamanga. Kukazizira guluu amachedwa kuuma, ndiye mnyamata wofulumira amapaka, kuuzirako kawiri, kumata chigamba guluu akadali wonyowa, iwe kufika pa Chitete tayala laphwanso. Madalawa amapala kaye pobookapo mpaka pachite mbuu, kupaka pang'ono, nkuika chubucho pambali iwo nkumagwira zina, amadikira mpaka guluu asiye kunyezimira. Pamene akudikirapo amayendetsa chala mkati mwa tayala monse kufunafuna munga, ndipo nthawi zambiri amaupeza, kakang'ono koti ndi maso sungakaone, amakazula ndi nsonga ya sipoko yonola nkukuikira padzanja kuti uone wekha. Tangoganizani angati amamata chubu bwinobwino nkuchibwezera m'tayala momwe muli munga womwewo.

Za mingazi anandipangira chinthu china chimene ndikuona kuti chathandiza kwambiri. Anatenga chubu chakale, kuchidula valavu, kuching'amba m'litali nkuchiyala mkati mwa tayala kuti chikhale pakati pa tayala ndi chubu chatsopano. Njinga imalemerako pang'ono, wothamanga kwambiri aimva, koma kwa ife ongoyenda timisewu ta kumidzi timene m'mbali mwake anthu asadza mitengo ya minga nkutaya nthambi pamsewu, bola kulemerako kusiyana ndi kukankha njinga makilomita angapo dzuwa likulowa. Anandiuzanso kuti ndisamapope tayala mpaka gwa m'mawa kukuzizira ngati chubu chili ndi zigamba zambiri, chifukwa masana kukatentha mpweya umafufuma ndipo chigamba chofooka chimayambira pomwepo kutuluka.

Tsopano zoipa zake, poti zilipo ndipo sizochepa.

Nthawi. Ngati muli pachangu musapite. Akabaza ndi amene amayamba, ngakhale iwe unafika kale, ndipo madala sabisa, amakuuza maso ndi maso kuti "awa njinga ndi munda wawo, inu mukungosewera, dikirani." Zoona zake sakunama koma zimawawa ukakhala pa benchi kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 10 anzako akungodutsa. Njira yabwino ndi kusiya njinga madzulo nkudzaitenga mawa lake, kapena kubwera masana akabaza ali pa ntchito. Lamulungu satsegula.

Kenako pali mnyamata wawo wophunzira ntchito. Mwana wabwino, waulemu, koma chida chimene amachidziwa ndi hamala. Pa njinga zachitsulo zija za makolo athu, ma Humber ndi ma Hero, hamala imagwira ntchito, koma pa felemu ya aluminiyamu ndi timagiya ta kumbuyo tija ukamenya wapinda, ukapinda zatha. Ndinachita kumuletsa ndekha akufuna kuwongola kachitsulo kogwira giya ya kumbuyo ndi hamala. Ndiye mukasiya njinga nenani poyera kuti agwire ndi madala eni ake. Ndipo ngakhale madalawo, kunena mosapsatira, magiya si mbali yawo yamphamvu. Waya wa magiya anautsuka bwino, fumbi lonse linatuluka, koma kuchuna kuti giya iliyonse izilowa pamalo pake anavutika, mpaka pano ya pakati imachita kaye phokoso isanakhazikike. Wilo yopindika ndiye musakayike, amakoka masipoko mmodzimmodzi akuyang'ana limu ikudutsa pa chala chawo mpaka iwongoke, apo ndi akatswiri.

Zipangizo zogulitsa ali nazo zochepa ndipo zina sizolimba. Machubu amene anali nawo ndi opyapyala aja, ndipo iwo eni anandiuza kuti ndikagule kwina ndibwere nacho. Mabuleki a labala amene anandiikira adyeka msanga, mwina mchenga wathandizira, koma sindikuganiza kuti anali abwino kuchokera pachiyambi. Amene muli ndi njinga za matayala a 27.5 kapena 29, kapena zopyapyala zothamangitsira zija za 700, musataye nthawi kufunsa, pano pamapezeka 26 ndi 28 basi, zinazo muitanitse ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 amenewo, mupatsire wa minibasi. Chimodzimodzi pampu yawo, ndi ya valavu yakale ija ndi ya galimoto, valavu yopyapyala ija ilibe mutu wake.

Mtengo wa ntchito ya manja ndi wabwino, sakuba, ndipo amakuuziratu asanayambe. Zipangizo ndiye zakwera ngati kulikonse, chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja sichinabwererenso pansi, tayala limene unkagula osaganiza pano umayamba wawerengera kaye. Lisiti kulibe, ndipo ndalama amafuna yapamanja, za pafoni amati zimawasokoneza.

Tili pa benchi pomwepo panabwera mayi wina ndi njinga ya Buffalo, zija za bungwe la World Bicycle Relief, kaliyala yake inapangidwa kuti izinyamula mpaka makilogalamu 100. Madala anangoti iyi ndiye njinga ya kuno, ilibe magiya oti fumbi lilowemo, buleki yake ndi yopondera m'mbuyo yotsekeka mkati mwa habu, pakati pa wilo paja, ndiye nyengo ngati ino siidandaula. Ndikugwirizana nawo pa kulimba. Koma ine yanga ya magiya sindingaisiye, chifukwa cha mwera.

Amene simunapalasepo m'mawa wa Julaye kulowera kum'mawa simungamvetse. Njinga itakonzedwa ndinakaiyesa msewu wa ku Nkhotakota kulowera ku Mtunthama, kumene kuli Kamuzu Academy ija inatsegulidwa mu 1981. Mwera umachokera chakum'mwera cha kum'mawa, ndiye popita umakuwomba kumaso, malo oti ndi osalala iwe ukupalasa ngati chitunda, maso akutuluka misozi, apa mpamene umathokoza kuti uli ndi giya yopepuka. Pobwerera ndiye phwando, mphepo ikukukankha kumsana mpaka Phiri la Kasungu likuonekera. Langizo langa nlakuti nthawi zonse yambani molimbana ndi mphepo mphamvu zikadalipo, kubwerera kuzikhala kotsetsereka. Tcheni ulendo wonsewo sinalire, ngakhale nditapatukira m'timisewu tadothi. Mbali yomweyo ya kum'mawa nkumene kuli kwa Wimbe, kwawo kwa William Kamkwamba amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi felemu ya njinga ndi dayinamo, ndipo madala akamva dzina limeneli amaseka amati mwanayo anatha madayinamo onse m'boma muno, masiku ano ukafuna dayinamo suipeza. Nthabwala chabe, chimene chinapha dayinamo ndi timatochi totchaja tija.

Nkhani ya nyali ndiyofunika nyengo ino. Mu Juni dzuwa limatuluka itangodutsa 6 koloko ndipo pofika hafu 5 madzulo lalowa, mdima umabwera msangamsanga, kuwonjezera apo utsi wa anthu otentha tchire posaka mbewa ndi fumbi la magalimoto, woyendetsa galimoto sakuona mpaka atakufika pafupi. Pa M1 ndiye samalani kwambiri chifukwa ino ndi nthawi ya msika wa fodya, malole odzadza mabelo akupita ku Chinkhoma, ndipo ena mwa madalaivala amenewa njinga saiwerengera ngati chinthu. Pa shediyi nyali sagulitsa, koma anandimangira yanga yofiira ya kumbuyo ndi kalabala ka chubu chakale moti siigwedezekanso pa mabampu, osandilipiritsa. Kumadzulo kulowera ku nkhalango ya Kasungu msewu wake ndi wokoma, magalimoto ochepa, koma ine sindifika kufupi ndi malire m'mamawa kapena madzulo, chibweretsereni njovu 263 zija kuchokera ku Liwonde mu 2022 anthu a midzi ya m'mphepete akhala akukumana nazo m'minda, ndipo njovu siithawika pa njinga mumchenga.

Zovala ndingonena mwachidule poti si nkhani ya shediyi. Magolovesi a kaunjika, chipewa chophimba makutu, juzi yopepuka ndi kajekete kotchinga mphepo pamwamba koti pofika 9 koloko uvule umange m'chiuno, chifukwa chijasi chimodzi chachikulu chija umatuluka nacho thukuta kenako ukaima thukutalo limakuzizira koopsa. Vaselini pa milomo ndi m'zala. Madzi nyamulani ngakhale simukumva ludzu, mpweya wa nyengo ino ndi wouma. Masokosi aatali ngati mukudutsa m'njira za m'minda, apo ayi mufika kunyumba buluku lonse lili chisoso.

Ndiye amene muli ndi njinga yachitsulo, kapena ya magiya wamba ya 26 ngati yanga, ndipo mungathe kuisiya usiku umodzi, pitani, tcheni ndi mawilo ndi zigamba simupeza wina wowaposa mtauni muno. Amene muli ndi njinga zodula za mabuleki a oyilo zija, tsukitsani tcheni yokha, zinazo asakhudze. Chubu gulani nokha mubwere nacho, mabuleki chimodzimodzi. Ine anandiuza kuti ndibwerenso mu Ogasiti akamvuluvulu akayamba kuti adzatsegule mahabu aike girisi watsopano, akuti wa kutsogolo wayamba kale kumveka mchenga.