Mapositikhadi akale oseka oyendetsa galimoto: khumi enieni, awiri onamizira

Ndinagula mapositikhadi 12 pa intaneti kwa wogulitsa wina wa kuno ku Britain, pa mapaundi 18, kuti ndikawapatse bambo anga amene akalambira m'galaja akukonza magalimoto. Anafika patatha masiku anayi mu envulopu yolimba, lililonse lili m'kathumba kake ka pulasitiki. Pamenepo palibe chodandaula.

Ambiri ndi a pakati pa 1904 ndi 1912, nthawi imene galimoto inali chinthu cha anthu olemera ndipo osauka ankangoiseka ikafa pamsewu. Limene landigwira mtima ndi la bambo atagona chagada kunsi kwa galimoto, tikungoona nsapato zokha, mayi ali khale pampando atamanga chipewa ndi mpango, kavalo akuwasuzumira pampanda ngati akuti "ndinanena ine". Ndinatumiza chithunzi chake pa WhatsApp, bambo n'kuyankha kuti, "Mwanawe, ameneyutu ndine, pa msewu wa Zalewa." Lina likuonetsa munthu akupukusa handulo kuti injini ilire, handuloyo n'kumubwerera. Zinkachitikadi, anthu ankathyoka nayo mikono.

Awiri ali ndi siginecha ya Tom Browne, wojambula wa ku Nottingham amene anamwalira mu 1910. Pa limodzi wapolisi wabisala kuseri kwa tchire ali ndi wotchi m'manja. Nthabwalayo imamveka bwino ukadziwa kuti lamulo la ku Britain la 1903 linaletsa kupitirira mailosi 20 pa ola, pafupifupi makilomita 32, ndipo bungwe la oyendetsa galimoto la AA (Automobile Association) linayamba mu 1905 ndi anthu apanjinga ochenjeza madalaivala za misampha yotereyi. Kuphethiritsa magetsi kwa aminibasi athu kuli ndi agogo ake.

Koma ine ndinakhalitsa kumbuyo kwa makhadiwo. Kuli masitampa obiriwira a theka la peni okhala ndi nkhope ya Mfumu Edward VII, chidindo cha positi, ndi timauthenga ta inki yofwifwa. Wina anangolembera mlongo wake kuti afika Lachinayi pa sitima. Khadi la galimoto, iye akubwera pa sitima!

Chondikwiyitsa ndi ichi. Wogulitsayo analemba kuti onse ndi akale, koma awiri ndi osindikizidwa posachedwapa: pepala loyera mbee, lonyezimira, kumbuyo kopanda kalikonse. Enieni ndi achikasu pang'ono, makona ake ndi operepeseka, ndipo amanunkha ngati buku la m'sutukesi. Nditamulembera anandibwezera mapaundi atatu popanda kupepesa. Palinso limodzi lonyoza akazi pachiwongolero, limenelo ndalisiya m'dirowa.

Ndikupereka nyenyezi zinayi. Musanalipire, muuzeni wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha kumbuyo kwa khadi lililonse. La kavalo lija ndaligulira felemu, lipita ku Blantyre mu Disembala.